Kamtengo ka Ada

Wezi anali ndi kamtengo m'chubu. Ankafuna kukabzala pabwalo la kwawo ku Chintheche.

Kamtengoka anabwera nako ndi bambo ake, ada Griffin. Bambo ankasamalira maluwa pa loji ku Kande. Chaka chino bambo anamwalira. Kamtengo kanatsala.

Kanali ka alimondi. Alimondi ali ndi masamba aakulu. Masambawo amafiira asanagwe. Amabereka timtedza ta chikhokho cholimba. Kukongola ndiye usanene.

Koma mizu inali itang'amba chubu. Masamba awiri anali atafota.

"Ama, tibzale lero. Kangafe," anatero Wezi.

Mayi ake ankayanika chinangwa pathandala. Chinali cha ufa wa kondowole.

"Pano tibzale papaya, mwanangu," anatero mayi. "Papaya timadya. Mthunzi wake ndi wochepa. Alimondi adzatseka dzuwa. Chinangwa sichidzauma. Tidzadya chiyani?"

"Koma ndi ka Ada!"

Mayi anapukuta m'maso ndi chitenje.

Wezi anali wamakani ngati bambo ake. Anapita kumene kunali alimondi wamkulu. Anayeza mthunzi wake ndi mapazi. Phazi, phazi, phazi. Anakwana makumi anayi.

Anabwerera kwawo. Anayeza bwalo. Phazi, phazi, phazi. Pa makumi atatu anagunda khoma la khitchini.

Wezi anakhala pansi. Analira kwambiri. Mayi ankanena zoona, ndipo zinamuwawa.

Kenako anamva mjigo ukulira kuseri kwa mpanda. Kwii, kwii, kwii. Azimayi anali pamzere ndi ndowa zawo. Dzuwa linkawawotcha. Panalibe mtengo ngakhale umodzi.

Wezi anapita pamjigopo n'kuyezanso. Phazi, phazi, phazi. Malo anakwana, ena n'kutsala!

"Ama! Bwerani ndi khasu!"

Mayi anabwera. Anayang'ana malowo nthawi yaitali. Kenako anayamba kukumba, chapatali pang'ono ndi mjigo.

"Ndi ka malemu ada Griffin?" anafunsa mayi Mavis, amene ankapopa madzi.

"Eya," anatero Wezi.

"Ndiye tizikathirira tonse."

Wina anabweretsa minga yotchingira mbuzi. Wina anabweretsa manyowa. Wezi anang'amba chubu pang'onopang'ono. Anakwirira mizu ndi manja ake.

"Mawa tibzala papaya pabwalo, Ama," anatero.

"Yewo, mwana wangu," anathokoza mayi ake.

Mayi anathira ndowa yoyamba. Ankamwetulira. Chichokereni kumaliro, Wezi anali asanawaone akumwetulira.