Kamakani ndi Foni ya Pansi pa Pilo

Kunyumba onse ankamutcha Kamakani. Anali mtsikana wamng'ono. Makani okha ndiwo anali aakulu.

Kamakani ankakonda foni ya achimwene ake. Ankafuna kuigwira. Ankafuna kuidinadina. Achimwene sankafuna ngakhale pang'ono, choncho ankaibisa. Potchaja, ankaiika pansi pa pilo. Pamwamba ankafunditsapo bulangete.

Tsiku lina masana, Kamakani analowa kuchipinda. Tisaname, ankasaka foniyo. Anapisa dzanja pansi pa pilo. Analibweza msangamsanga. Panali potentha ngati kapu ya tiyi. Panalinso kafungo ka chinthu chopserera.

Kamakani anachita mantha. Mng'ono wake wakhanda ankagona pabedi pomwepo masana aliwonse. Nthawi yomugoneka inali itakwana.

Kamakani sanagwire waya wotchajira foniyo. Anazimitsa magetsi pakhoma. Kenako anaima patsogolo pa soketi. Anatambasula manja.

Achimwene analowa. Anaona kuti pakhoma pazimitsidwa. Anakwiya. Anati foni yawo sinadzaze. Anamuuza kuti achoke.

"Sindichoka," anatero Kamakani.

Anawauza kuti pabedi patentha. Achimwene sanamvere. Anati foni iliyonse imafunda. Anamulonjeza switi.

"Sindichoka."

Anamulonjeza maswiti awiri.

"Sindichoka."

Achimwene anati akamuneneza kwa amayi.

"Kandinenezeni, achimwene. Ine sindichoka."

Amayi anabwera atanyamula khanda. Khanda linali m'tulo. Amayi anali otopa kwambiri. Sanafune phokoso. Anati makani amenewa atha lero. Anamuuza kuti atuluke, mwana agone.

Kukana achimwene n'kosavuta. Kukana amayi si masewera. Misozi inalengeza m'maso mwa Kamakani. Koma sanasunthe ngakhale phazi limodzi.

"Amayi, mundikalipira pambuyo," anatero. "Musamugoneke kaye. Yambani mwachotsa pilo."

Amayi anamuyang'anitsitsa. Kenako anachotsa bulangete. Anachotsanso pilo.

Foni inali ikadali yotentha. Pansalu ya pabedi panali banga lakuda. Waya anali wosupuka. Achimwene anali atamumanga ndi selotepi. Selotepiyo inali itasungunuka.

Amayi anakumbatira khanda zolimba.

Achimwene anayang'ana pansi. Anachita manyazi. Anachitanso mantha. Anati iwo ankangobisa foni basi. Zamoto sankaziganizira n'komwe.

Amayi anakhala pampando. Anawafotokozera pang'onopang'ono. Foni ikamatchajidwa imafunda. Imafuna mpweya. Ukaifunditsa, imatentha. Ikatentha kwambiri, nsalu imayaka. Waya wosupuka nayenso amayambitsa moto. Selotepi si mankhwala ake.

Amayi anazula waya uja n'kukamutaya. Anati achimwene apeze wina wabwino. Anatinso foni izitchajidwa patebulo. Patebulo poyera, popanda nsalu, popanda mapepala.

Achimwene anavomera, koma nkhope sinasangalale. Analoza Kamakani ndi mlomo.

"Patebulo aigwira uyu, amayi."

"Sindigwira," anatero Kamakani.

"Ukaiona ikuwala?"

"Sindigwira."

"Ine ndikatuluka?"

"Sindigwira, achimwene."

Achimwene anakayikabe. Amayi anaseka chapansipansi, kuopa kudzutsa mwana.

"Mukhulupirire mlongo wako," anatero amayi. "Wamuona wekha lero. Uyu akakana, wakana."

Achimwene anaseka nawo. Anamusisita Kamakani m'mutu. Anamuthokoza ndi mawu apansi.

Kenako onse anathandizana. Achimwene anachotsa nsalu yopserera. Kamakani anabweretsa ina yochapa. Anayala awiri, wina uku, wina uku. Kamakani anasisita bedi lonse ndi dzanja. Linali lozizira bwino.

"Tsopano mugonekeni, amayi," anatero.

Amayi anagoneka khanda. Khanda linadziwongola, osadzuka. Kamakani anakwera pabedi n'kugona pambali pake. Mtima wake unakhala pansi.