Kadiresi ka M'shopu ya Malemu Achimwene

Izi sindinachite kumva kwa anthu ayi. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo alamu anga, akazi a malemu achimwene, ali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Achimwene anali telala. Atamwalira osasiya wilo, khothi linandipatsa ine mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye. Loya anandichenjeza kuti ndisagawe ngakhale singano ndisanadziwe katundu yense ndi ana onse a malemu. Ndinaseka. Ana timawadziwa, anyamata okhaokha, a ndevu zawo.

Shopu inali yotseka chimwalirireni iwo, kiyi ndikusunga ndine. Tinapitako masana, dzuwa likuswa mtengo, ine ndi alamu, kukaona zoti tigulitse. Loko inali itachita dzimbiri. Titakankha chitseko, tinamva fungo la nsalu yongositidwa kumene. Pansi fumbi linali mbwee, popanda phazi la munthu. Ndinagwira makina osokera. Anali ofunda. Pansi pa singano panali kadiresi ka sukulu, kosokedwa mbali imodzi.

"Alamu, tiyeni tizipita," iwo anandinong'oneza.

Ndinawauza kuti ndi malata atenthetsa makinawo, koma pobwerera ndinagula loko yatsopano.

Tsiku limene tinabwera ndi munthu wofuna kugula makina, tinamva tisanatsegule. Tchaka-tchaka-tchaka. Kenako zii. Sizasi inadula ulusi. Wina anatsokomola, kachifuwa kouma kaja ka achimwene.

Wogula uja sanatsanzike.

Ndinatsegula. Munalibe munthu. Gudumu la makina linali likumaliza kuzungulira. Kadiresi kanali katatha, kali pa hang'ala, mabatani onse atasokereredwa.

Alamu anangokhala pansi pakhomo pomwepo.

"Ine mwana wamkazi sindinabereke," anatero.

Ndinafunsa anzawo a malemu ngati panali mwana wina, ndinafunsa amene ankasoketsa kwa iwo. Ndinalengezetsa pa wailesi, monga loya anandiuzira, kuti aliyense amene chumachi chikumukhudza abwere. Sikunabwere munthu. Anyamata aja anayamba kundinena kuti ndikufuna kudya thukuta la bambo awo, choncho ndinawagawira nyumba, njinga yamoto ndi zina zonse. Shopu yokha ndinakana.

Woyamba kubadwa anandilanda kiyi, napita yekha. Sanachedwe. Anabwera thukuta lili kamukamu, nandiponyera kiyi pamiyendo.

"Bambo aang'ono, musandifunse."

Mpaka lero sananene chimene anaona, ndipo za shopu sazitchulanso. Kukhothi nkhani ya chumachi sinatsekedwe. Loya akandiimbira ndimangoti ndikudikira munthu.

Mwezi wathawu ndinadutsa kumeneko, ndipo ndinalimba mtima n'kusuzumira pawindo. Loko ili chikhomereni. Fumbi lili chomwecho. Kadiresi kali pa hang'ala pomwe paja.

Koma mpendero wake wamasulidwa n'kusokedwanso cham'munsi, monga amachitira telala mwana akatalika.