Mpata wa pa Khwekhwelere

Galimoto ya mkwatibwi itangonyamuka pa tchalitchi cha ku Masasa, Loweruka la pa 13 Juni m'chaka cha 2071, mkeka wa kuwala kobiriwira unayalika pamsewu kumbuyo kwake. Galimotoyo ikawonjezera liwiro, mkekawo unkatalika; ikachepetsa, unkafupika ngati pali dzanja losaoneka limene likuupinda.

Makina oyala mkekawu ankatchedwa Mlondampata. Amene anawapanga ndi mayi Velina Kaduya, mmisiri wa ku Zomba, m'chaka cha 2058. Galimoto iliyonse inali ndi nyali kumbuyo yoyalira mkeka wake, ndiponso diso kutsogolo loonera mkeka wa inzake. Galimoto ziwiri zotsatana zinkauzana liwiro, kulemera kwa katundu, kutsetsereka kwa msewu ndi chinyezi chake, kenaka n'kugwirizana za mtunda umene yam'mbuyo ikufunika kuti iime bwinobwino. Matayala akangoti aponde mkeka wa galimoto yakutsogolo, diso lija linkagwira lokha mabuleki.

Wachiwiri pa mdipiti wa tsiku limenelo anali Felesiya Kamlangira, amene abale ake ankamutcha Nangozo. Iye anali mkulu wake wa mkwatibwi, Elube, ndipo ankayendetsa minibasi yodzaza ndi amayi oimba, miphika ndi matumba a mpunga. Ulendo unali wa ku Golomoti, kwawo kwa mkwati, kutsika mapiri a Khwekhwelere. Pampando wakutsogolo panakhala malume ake, bambo Zakeyu Chidzalo, nkhoswe ya kuchikazi.

Kuderali kunali chikhulupiriro chimene chinabadwa pamodzi ndi midipiti ya galimoto: mdipiti wa ukwati sudukizidwa. Ankati galimoto yachilendo ikalowa pakati, banjalo nalonso lidzalowa mlendo.

"Nangozo," anatero bambo Chidzalo akuloza kutsogolo ndi chibwano, "mpata wonsewo ukufuna kudzalamo chimanga?"

"Ndi makina, malume, si ine."

"Makina ali ndi diso, ndipo diso lililonse limatsinzina." Anatulutsa tepi yakuda m'thumba la jekete. "Anzako am'mbuyowa anamata kale maso a galimoto zawo pa tchalitchi paja. Taima pambali ndikamate."

Felesiya anayang'ana pagalasi. Zinalidi choncho: galimoto zinayi zinali zitatsatana ngati mikanda ya pa chingwe, iliyonse itaponda mkeka wa inzake mpaka kuubisa.

"Malume, tikulowa m'chitsetse, ndipo kuli nkhungu. Basiyi yalemera."

"Ine ndaperekeza maukwati iwe usanamere mano. Palibe amene anafera pa mdipiti wanga."

Nyimbo kumbuyo inali itazilala, poti amayi aja anatchera makutu. Kenaka mayi Nachisale, azakhali awo a atsikana awiriwa, anayankhula ngati akuuza zenera.

"Musamukakamize, bambo. Si onse amene amakondwa mng'ono akamakwatiwa, pamene banja lawo linatha."

Wina anaseka pang'ono, wina n'kumugwira pakamwa. Banja la Felesiya linatha zaka ziwiri zapitazo, ndipo ankadziwa kuti mawu amenewa sathera m'basimo. Banja la Elube likadzangogwedezeka, ngakhale patapita zaka khumi, anthu adzakumbukira kuti mkulu wake ndiye anatsegula khomo. Anaiyang'ana tepi ija. Kumata kunali kosavuta, ndipo pakamwa ponse pakanatsekeka. Koma kutsogoloko, kupyola pa kuwala kobiriwira, ankaona nsalu yoyera ya kumutu kwa mwana amene iye anamubereka kumsana mayi awo akapita kudimba. Galimoto imene Elube anakweramo inali yaing'ono, pamene basi inali ndi anthu odzaza mpaka pakhomo.

"Malume, ngati n'kundinena, mundinene mawa. Lero sindimata."

Asanapite patali, njinga yamagetsi ya kabaza inatulukira kumanja, itanyamula thumba la mbatatesi. Inapitirira galimoto zinayi zothithikana zija chifukwa panalibe poti n'kulowa, inapitirira basi, ndipo itapeza malo, inakhazikika pakati pa Felesiya ndi mkwatibwi. Nayo inayala kamkeka kake, basi n'kutsalira m'mbuyo pang'ono kuti isakaponde.

Bambo Chidzalo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Wamulowetsa," anatero motsitsa mawu. "Pamaso panga, ine nkhoswe."

Msewu unali utayamba kupindika, kumanzere phiri, kumanja phompho, ndipo nkhungu inali kukwera kuchokera kuchigwa. Mikeka yonse inatalika yokha chifukwa msewu unali utanyowa.

Pa kona ina yakuthwa, ng'ombe zinali zitaima pakati pa msewu. Galimoto ya mkwatibwi inaima mwadzidzidzi. Wa kabaza anagwira mabuleki, tayala n'kutsetsereka, iye n'kugwera pakati pa msewu, mbatatesi zili mbwee. Phazi la Felesiya lisanafike n'komwe pa buleki, Mlondampata anali atagwira kale. Basi inalira, miphika inagubuduka, amayi anakankhana, koma inaima patatsala danga loti ngolo n'kudutsapo.

Zam'mbuyo zinalibe maso. Yoyamba inamenya basi, yachiwiri inamenya yoyamba, mpaka zonse zinayi zinalumana. Kugunda kulikonse kunkakankhira basi kutsogolo. Felesiya anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, akuona danga lija likudyeka pang'onopang'ono. Phokoso litatha, tayala lakutsogolo linali litaima pafupi ndi mwendo wa munthu uja, osaukhudza.

Palibe anamwalira, palibenso anathyoka. Nkhoswe ya kuchimuna inatuluka magazi m'mphuno, nyali zingapo zinasweka, ndipo keke ya ukwati inaphwanyika mbali imodzi.

Elube anatuluka m'galimoto atanyamula diresi m'manja kuti isakhudze matope. Anayang'ana basi, anayang'ana kagalimoto kake, kenaka galimoto zinayi zopindika mphuno zija. Anafika pazenera la mkulu wake, napeza manja a Felesiya akadali pa chiwongolero.

"Achemwali, mukanakhala pafupi ngati enawa..." Sanamalize. Analowetsa dzanja pazenera n'kugwira la mkulu wake, osalisiya. Mayi Nachisale anali kalikiliki kutola zivundikiro za miphika, nkhope ili pansi.

Bambo Chidzalo anatsika pang'onopang'ono, nakadzutsa wa kabaza uja amene anasupuka pachigongono.

"Dzina lako ndani, mwananga?"

"Lufeyo Kanyumbu, bambo. Pepani, sindinadziwe kuti ndi ukwati. Ndinangoona mpata."

"Kwanu?"

"Kwa Kapenuka."

Mkuluyo anapukusa chipewa m'manja. Anthu onse anadikira, poti mlandu wa mdipiti wodukizidwa unali wake kuuweruza.

"Amene amapasula banja ndi mlendo," anatero potsiriza. "Uyu dzina talimva, kwawo takudziwa. Akadya nafe lero, sakhalanso mlendo, wasanduka m'bale. Kwera, Kanyumbu."

"Komatu ndimapita kumsika, bambo."

"Msika sukwatiwa, udzaupeza mawa." Kenaka anatembenukira kwa madalaivala anayi aja. "Inu, kamatuleni zimene munamata zija. Ndi zikhadabo zanu zomwe."

"Si inu munatiuza, madala?" anafunsa mmodzi.

"Nanga munandimvereranji? Mwana wamkaziyu wandikanira, inu amuna anayi osatsegula pakamwa." Atabwerera pampando wake sanamuyang'ane Felesiya. Anangovala chipewa n'kunena kuti, "Tiye, Nangozo. Uyende mmene umayendera muja."

Ku Golomoti, Lufeyo Kanyumbu anakhazikidwa pa tebulo la ankhoswe, chigongono chili chomanga, ndipo pa perekaniperekani anavina kuposa abale enieni.

Nkhaniyi inafala m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu. Pofika chaka cha 2074, kumata diso la Mlondampata pa ukwati kunali kutasanduka chinthu chochititsa manyazi. Mpata wa kumbuyo kwa galimoto ya mkwatibwi unayamba kutchedwa mpando wa mlendo, ndipo aliyense wolowamo ankafunsidwa dzina ndi kwawo, n'kutengedwa kukadya. Maukwati amene mpandowo unafika wopanda munthu ankadandaula kuti alibe mwayi.

Chimene palibe anachiyembekezera n'chakuti Loweruka lililonse a kabaza anayamba kudikira pa mphambano ya Masasa atavala majekete ndi mataye, njinga zitapukutidwa, akukangana za amene lero ndi tsiku lake logwera m'mpata. Felesiya akamadutsa ndi basi yake ankamuimikira manja n'kumufunsa ngati kumbuyoko kukubwera mdipiti, iye n'kumangoseka.

Mayi Kaduya anayeza mtunda woti galimoto iimire. Sanadziwe kuti malo amene munthu amasiyira mnzake poopa kumupweteka ndi omwewonso amene mlendo amalowerapo n'kukhala m'bale.