Malemu Jobe M'foni ya aNyaManda

Zinayamba ndi mbuzi. ANyaManda, ogulitsa ufa wa kondowole pa Chintheche, anadzuka m'mawa n'kupeza m'foni yawo yatsopano muli chithunzi cha mbuzi yamathothomathotho. Iwo mbuzi analibe, ngakhale chingwe chake.

Foni yawo yakale inali itagwera m'dziwe loviikamo chinangwa, n'kufa ndi zithunzi zonse za mdzukulu wawo wa ku Joni. Pogula yatsopanoyi analira pamaso pa Dyson, wokonza mafoni pamsewu paja, ndipo Dyson anadinadina n'kunena kuti, "Zibwera zokha, ama. Muziisiya yoyatsa usiku, netiweki imagwira bwino anthu akagona."

Zinabweradi, koma osati za mdzukulu.

Usiku wotsatira, achule atatonthola kudambo, foni inati ting'! Kuwala kobiriwira kunakwera khoma mpaka kumalata. Ting'! Ting'! ANyaManda anasuzumira ndi diso limodzi. Nkhope zinkatulukira pagalasi imodziimodzi ngati anthu olowa m'tchalitchi mochedwa: aphunzitsi akumeta ndevu ali chifuwa pamtunda, mayi busa opanda duku, chilonda cha mwendo wa munthu wosadziwika. Onsewa anthu a m'dera lomwelo, ali m'kati mwa nyumba zawo.

Kulakwa kwawo kunali kufunsa. Anapita kwa oyandikana nawo, aWinnie, mayi wamasiye amene anali wapampando wa Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi.

"Mwayuka uli, ama?" anawalonjera m'Chitonga. "Taonani, kodi ichi si chipinda chanu?"

AWinnie anayang'ana. Bedi lawo, neti yawo yong'ambika pakona, ndi kandowa kausiku kali pansi pa bedi.

"ANyaManda," anatero monong'ona, "m'chipinda changa munalowa liti?"

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itakwera minibasi mpaka ku Kande. Ena amati mayiyo amauluka usiku ndipo foniyo ndiye lichero lake. Ena amati ukangoonekamo, maliro ako ayandikira. Ufa unakhala m'beseni osagulidwa. AWinnie anatumiza mawu akuti tsiku la Umanyano likafika, aNyaManda abweze yunifolomu, chifukwa bulauzi yoyera sivalidwa ndi mfiti.

Usiku umenewo kunalibe mwezi. ANyaManda anakulunga foni m'chitenje, n'kuiponya m'chitini cha ufa, n'kuvundikira. Kunja masamba a nthochi ankakhulana ngati munthu akuzungulira nyumba atavala jekete ya pulasitiki. Kenako chitini chinayamba kunjenjemera chokha, grrr, grrr, chivundikiro chikuvina. Anapemphera m'Chitonga, anapempheranso m'Chichewa kuti mwina kumwambako amva chimodzi, kenaka anapisa dzanja kuti aizimitse. Chala chinakhudza galasi.

M'nyumba munaseka mwamuna.

Kuseka kwake ankakudziwa. Kunali kwa aJobe, amuna awo a aWinnie, amene anaikidwa m'manda dzinja latha.

"Winnie, iwe, jambula bwino, miyendo ioneke!"

Mmene aNyaManda anatulukira pakhomo, mpaka lero sakumbukira. Kunawachera ali m'khitchini, atakumbatira mtondo.

M'mawa anasenza chitini chonsecho pamutu, ulendo kwa Dyson. Amayi a Umanyano anawatsatira patalipatali, aWinnie ali patsogolo ndi botolo la palafini wotenthera foniyo.

"Ada Dyson, munandigulitsa foni kapena manda?"

Dyson anapukuta ufa pagalasi, n'kuyang'ana, n'kuyamba kukanda m'mutu ngati muli nsabwe.

"Ama, musandimenye. Foni iliyonse imafuna akaunti, ili ngati nkhokwe yosungiramo zithunzi kuti foni ikafa zisafe nayo. Tsono inu nonse mawu achinsinsi otsekulira mumaiwala musanafike ndi kunyumba komwe. Ine ndinatopa. Ndinangomanga nkhokwe imodzi, aliyense wogula foni pano ndimamulowetsa momwemo."

"Ndiye?" anafunsa aWinnie.

"Ndiye awa atalirira mdzukulu, ndinatsekula chitseko kuti zawo zibwerere. Zatuluka za mudzi wonse."

Mayi wina anavula patapata n'kuligwira bwino m'manja, ndipo Dyson anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mashelefu. Koma mayi yemweyo, dzanja lili m'mwamba, anaima.

"Dikira. Foni yanga ija inabedwa pamsika wa Mpamba. Ndiye kuti za ukwati wa mwana wanga zilimo?"

"Zilimo, ama."

"Nanga ya amuna anga inamira m'nyanja ija?" anafunsa wina.

"Nazonso."

Patapata linagwa pansi. Amayi anaunjikana pa kafoni kamodzi, mitu ikugundana, nthungululu zikuimitsa akabaza pamsewu. Uyu wapeza ubatizo, uyu wapeza mayi ake akusenda chinangwa, uyu akukuwa kuti chilondacho n'cha apongozi ake. Pakati pa phokosolo panatulukira mdzukulu wa ku Joni uja, kamwana konenepa kovala chipewa chaubweya, ndipo aNyaManda anapsompsona galasi mpaka kulisiya ndi ufa.

AWinnie okha anaima pambali ndi palafini wawo.

"Chipinda changa anajambula ndani?"

"Foni ya malemu, ama," anatero Dyson. "Ndi iyi vidiyo yawo."

Pagalasi panaoneka aJobe atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, akuvina malipenga pabwalo, mimba ikutsogola, akukuwira mkazi wawo kuti miyendo ioneke. AWinnie anaseka, misozi ikutsikira m'kamwa, anasekanso.

"Chitsiru cha mwamuna! Ndinamuuza kuti kabudulayo wamuthina."

Dyson anati apatse aliyense nkhokwe yakeyake, kenako afufute za eni m'foni ya aNyaManda. AWinnie anamugwira dzanja.

"Ufufute mawa." Anatembenukira kwa mwini foniyo, maso ali pansi. "ANyaManda, yunifolomu ija muichape, mudzatitsogolere nyimbo. Koma foniyi mundibwereke usiku umodzi wokha."

"Ya mfiti yomweyi?"

"Yomweyo. Abambo akagone kwawo lero."