Mwana wa pa Kamiyau ya Mpira

Ine mpira sindinkaukonda, ndineneretu. Anthu akuluakulu a ndevu zawo kuthamangitsa chikopa dzuwa lili pamutu, ati ndi ntchito! Koma amuna anga a Bakari ndi amene amagwira pagolo mu ekipa, timu ya kwathu kuno ku Chiuta. Ndiye kampu yatsopano, bwalo la mpira la mpanda ndi mipando ya simenti, itatsegulidwa ku vila, tauni yathu ija, mudzi wonse unapenga, nanenso ndinapenga nawo.

Akazi tinagwirizana kugula kapulana, zitenje zofanana, zobiriwira za madontho oyera. Aliyense anatenga ziwiri, yovala ndi yoberekera mwana. Ukatiyang'ana kumbuyo sukanadziwa kuti mkazi wako ndi uti.

Ngakhale a Hamida anagula ziwiri. A Hamida ndi mkazi mnzanga, wamkulu pa banja lathu. Anatenga mimba kangapo koma palibe mwana amene anakhala. Nditawaona ndi kapulana yoberekera ndinadzifunsa kuti abereka chiyani, mtondo? Sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Momwe ankamuyang'anira Rahimu wanga, mwana woti anali atangoyamba kukwawa, mtima unkandiuza zina. Sindinkalola kuti amunyamule.

Ku kampu timapita pa kamiyau, lole ya Bernardo, imene masiku ena onse imanyamula matemba ndi milamba. Fungo lake silichoka ngakhale mutsuke bwanji. Amuna amaimirira atagwirana m'chiuno, akazi timakhala pansi pa masaka. Malamulo ake aliyense amawadziwa. Mwana amakwera poyamba. Umangomukweza m'mwamba, manja alionse amene ali pafupi amamulandira, iwe n'kuponda tayala n'kukwera, kenako amakupatsira. Palibe amafunsa kuti walandira ndani. Ukafuna kutsika umamenya denga la kabini, Bernardo n'kuima.

Lamlungu limenelo tinapambana. A Bakari anagwira penate mpira uli pafupi kutha, anthu n'kulowa m'bwalo, apolisi n'kuyamba kuthamangitsa anthu, phokoso lokhalokha. Pomwe tinkatuluka pachipata n'kuti kutada. Osewera anatsalira kuti abwere pa galimoto ina. Kunja kwa mpanda kulibe magetsi. Njinga zamoto, njinga zakapalasa, fumbi, aliyense akukuwa dzina la mnzake.

Ndinamumasula Rahimu kumsana ali mtulo, ndinamukulunga bwino mpaka kumutu chifukwa cha fumbi, n'kumukweza. Manja a mkazi anamulandira. Anandikhudza zala, ndipo anali ozizira. Nkhope sindinaione, anali atafunda kapulana kumutu ngati tonsefe. Ndinalimbana ndi tayala, mwamuna wina wonenepa n'kundiponda phazi, ndinamutukwana mpaka kwa agogo ake. Nditakhala pansi ndinakuwa.

"Mwana wanga uko! Ndipatsireni!"

Anabwera kudutsa pamitu ya anthu, ali chikulungire. Ndinamuika pamiyendo. Galimoto inanyamuka.

Nyimbo zinayamba tisanatuluke n'komwe mu vila. Anyamata a kutsogolo anasandutsa denga la kabini ng'oma. Gu! Gu! Gu! Bernardo naye akuyankha ndi hutala. Ine ndinaimba nawo pang'ono, mawu atatha kale.

Titadutsa nyumba zomaliza mwana anatakataka. Ndinachita zimene mayi aliyense amachita mumdima. Ndinatulutsa bere lakumanzere, ndinalilowetsa m'kati mwa nsalu, iye n'kugwira.

Anakoka mwamphamvu mpaka ndinamva kumsana. Ndinati kaya ndi njala, watha tsiku padzuwa. Koma milomo inali yozizira.

Ndinadikira kuti andilume. Rahimu anali ndi timano tiwiri tam'munsi, ndipo sankayamwa osandiluma, kamwana kankhanza ngati bambo ake. Uyu sanalume. Ndinalowetsa chala pambali pa kamwa. Nkhama zokhazokha.

Ndinasiya kuimba.

Ndinapapasa pakhosi. Rahimu amavala kachithumwa kachikopa kamene anamumangirira amayi anga. Panalibe. Ndinapapasa m'mapindo a nsalu, zala zanga n'kukumana ndi mchenga. Mchenga wonyowa. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ngakhale dontho.

Ndinayesa kumuchotsa pa bere. Anakana. Sanalire, sanagwedezeke, anangokoka.

Telefoni yanga inali itazima kalekale ndi kujambula mpira. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mitu yofunda yokhayokha, madontho oyera akuoneka mbuu mumdima. A Hamida anali atakhala moyang'anizana nane, mawondo athu akugundana. Sankaimba. Ankandiyang'ana.

Ndinawagwira dzanja mwamphamvu.

"Achemwali, mwana wanga mwamuika kuti?"

"Ukuti chiyani, make Rahimu? Si uyo uli naye?"

"Musandipusitse! Uyu si wanga. Mwapangana ndi ndani?"

Sanakwiye. Chinandiopsa kwambiri n'chimenecho. Mkazi woti ukamuponda chala amakunena sabata yathunthu, tsiku limenelo anangoweramira kwa ine, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Wamuyamwitsa?"

Ndisanayankhe ndinamva chifuwa. Rahimu anali ndi chifuwa sabata imeneyo, chouma, chothera ndi kakhweru kakang'ono. Ndikanachizindikira pakati pa ana a dziko lonse. Chinachokera kumbuyo kwenikweni kwa galimoto. Kumeneko kunali mkazi ataimirira, atatifulatira, mwana ali kumsana. Akazi sitiimirira pa kamiyau. Ndipo sanagwire munthu, sanagwire chitsulo, koma mabampu onse aja sankamugwedeza.

Ndinakuwa. Ndani akanamva? Ndinafuna kudzuka, miyendo ya amuna inali ngati mpanda.

Tinafika pa Nalikata. Ndi mtsinje umene umauma chilimwe, ulibe mlatho, galimoto imawoloka pamchenga pang'onopang'ono. Palibe mudzi pamenepo, palibe amatsikapo. Bernardo atachepetsa liwiro, mkazi uja anangoponda kunja ngati akutsika pakhonde. Rahimu anatsokomolanso, ali pansi tsopano.

"Imitsani! Imitsani galimoto!"

Ndinamukoka mwendo mnyamata wina kuti amenye denga. Analimenyadi, akuseka, anzake n'kumuthandiza. Denga lomwelo anali akulimenya kuchokera ku vila. Bernardo akanadziwa bwanji kuti uku n'kuimitsa? Analiza hutala n'kuponda moto.

A Hamida anadzuka, anamukankha mwamuna wonenepa uja ndi mutu, n'kundikoka.

"Dumpha."

Tinagwera pamchenga, ine chagada, mwana uja ali chigwirire bere. Kamiyau inakwera tsidya lina, nyimbo zikunka zichepa mpaka zinatheratu. Kunangoti zii. Ngakhale achule kunalibe.

Ndinaganiza kuti basi, anditengera kuno kuti adzandimalize. Koma ndikanapita kuti? Chifuwa chinamveka chakumtunda kwa mtsinje, ndipo tinachitsatira.

"Usamuyang'ane kumaso," anatero a Hamida. "Usatchule dzina la mwana. Ndilankhula ndine."

"Mukumudziwa?"

"Yenda."

Tinayenda m'kati mwa mtsinje, mapazi akutitimira. Mwezi unali kachidutswa chabe. Tinafika pamalo pamene panali maenje akuluakulu, pomwe magalimoto ankakumba mchenga womangira kampu. Mkazi uja anali atakhala m'mphepete mwa dzenje limodzi, miyendo ili m'kati. Rahimu anali atamutsitsa, ali pamiyendo pake. Ankamusisita kumutu pang'onopang'ono.

Ndinafuna kumulumphira. A Hamida ananditsina mpaka kundichotsa khungu. Anagwada patali pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Odi, amayi. Tasinthana katundu pagalimoto paja."

Sanatembenuke. Mawu ake anali wamba, osasa, ngati a munthu amene wakuwa tsiku lonse ku mpira.

"Wakhuta?"

A Hamida anandigunda ndi chigongono.

"Wakhuta," ndinatero. Ndipo nthawi yomweyo kamwa kaja kanasiya bere.

"Ine mkaka ndilibe," anatero mkazi uja. "Ku kampu kuja amangolira. Anthu akudumpha pamwamba pake, ng'oma, malipenga, palibe akumva. Ndinakamutenga."

Rahimu anatsokomola, n'kuyamba kulira. Mkaka wa bere lakumanja unatuluka wokha mpaka kunyowetsa bulauzi.

A Hamida anandilanda mwana uja. Ndinaona momwe anamugwirira. Sanamugwire ngati chinthu choopsa ayi. Anamukonza nsalu kumutu, anakhala naye pachifuwa kanthawi, kenako anayenda chogwada n'kumugoneka pamchenga pambali pa mkazi uja. Anatambasula manja. Tinadikira. Mulungu wanga, tinadikira.

"Wayamwa kwa inu," anatero mkazi uja, ndipo ndinadziwa kuti akuuza ine. "Njira waidziwa. Uyu akamakhuta, wanuyu akhala wanu."

Anamupereka Rahimu.

Ndinamupapasa pakhosi, kachithumwa kanalipo. Ndinamuika chala m'kamwa, anandiluma. Sindinayambe ndakondwerapo ndi kulumidwa ngati tsiku limenelo. Tinabwerera osacheuka. A Hamida ndi amene anamubereka mpaka kunyumba, koyamba chibadwire chake. Anamubereka ndi kapulana yanga. Yawo yachiwiri ija analibe.

A Bakari tinawapeza atasonkhanitsa anthu ndi matochi, ati akatifune. Nditawafotokozera anati ndinagona pagalimoto n'kulota, ndipo tinagwa chifukwa cha kukangana kwathu kwa masiku onse. Amuna! Koma m'mawa mchenga unali ukadali m'bulauzi mwanga.

Nkhani inayenda kumathandala kumene timayanika nsomba. Akazi ankanong'onezana, ine ndikafika n'kusintha nkhani, koma zina zinandifika. Ati m'mphepete mwa Nalikata ndi momwe amayi a midzi ino ankaika ana obadwa atafa kale. Maliro otero salira, amuna sapitako, ndipo dzenje lake silikhala lakuya. Oyendetsa magalimoto a mchenga anali alendo. Anakumba, n'kupita nazo zonse ku vila. Ati mipando ya simenti imene timakhalapo tikamaimba ija, si mchenga wokha uli m'katimo.

Za mkazi uja sagwirizana. Ena ati ndi mzamba wakale amene ankaika anawo, ndiye akuwatolera mmodzimmodzi. Ena ati anafa pobereka nthawi ya nkhondo. Chimene onse amafunsa n'chakuti kapulana ya ekipa anaitenga kuti, poti tinagula pamodzi ndipo timadziwana.

Ine ndinawafunsa a Hamida maso ndi maso.

"Achemwali, kapulana yanu yoberekera ija ili kuti?"

"Inauluka pachingwe."

"Nanga wanu womaliza uja munakamuika kuti?"

Anapitiriza kupala mamba a makumba awo ngati sanamve.

Kuyambira tsiku limenelo Rahimu analikana bere lakumanzere. Ndikamupatsa ankatembenuza mutu. Linkadzaza mpaka kuwawa sabata yonse. Koma usiku uliwonse wa tsiku la mpira, kamiyau ya Bernardo ikangodutsa ndi nyimbo zake, tulo tolemera timandigwira. Ndikadzuka m'mawa bere lija lili lopanda kanthu, pamphasa pali timchenga. Rahimu amagona atasunthira kukhoma, ngati akusiyira mnzake malo.

Ku kampu sindinapitekonso. A Hamida samaphonya. Amakhala pa mpando womwewomwewo nthawi zonse, pakona yakum'mawa, ndipo anthu akuti mpira sauyang'ana. Asananyamuke amandibweretsera phala la mtedza, lodzaza mbale, ati kuti mkaka uchuluke. Rahimu anasiya kuyamwa chaka chatha, akuthamanga, akutukwana nkhuku. Phala silinasiye kubwera. Ndimadana nalo, ndimadana ndi amene amaliphika, koma ndimamwa mpaka kunyambita mbale.

Tsopano ndili ndi pathupi pena. Mayi aliyense akudziwa kuti mimba imaumitsa mkaka. Ndinafinya dzana m'mawa, panatuluka timadontho tiwiri tamadzimadzi. A Hamida anaona, ndipo koyamba ndinaona mantha pankhope pawo.

Dzulo kunali mpira. Ndinadzimangirira Rahimu kudzanja ndi chingwe, ndinakhala tsonga, ndinati lero sindigona. Kamiyau inadutsa. Nyimbo zinatha. Mwana anali pambali panga, akupuma bwinobwino, dzanja langa lili pachifuwa pake.

Kenako anatsokomola, chifuwa chouma chija chothera ndi kakhweru. Pansi pa dzanja langa sipanagwedezeke. Chinamvekera panja, kuseri kwa chitseko.