Katundu wa m'Pikapu ya a Laisoni

Pa Golomoti palibe amene saidziwa pikapu ya a Laisoni. Yoyera, yakalekale, chitseko chimodzi chomanga ndi waya. Ndi ya otomatiki, zija zopanda kilatchi, zosintha giya zokha. Amanyamulira mpunga wa ku Bwanje, ndipo amainyadira kuposa akazi awo. Eni akewo ndiye musanene. Pakamwa pawo ndi pamoto. Ukawapatsa moni amayamba akuyang'ana kumapazi, kenaka n'kuyankha ngati wawalakwira.

Tsiku limenelo dzuwa linali litangobisala kuseri kwa mapiri. Ezekiele, makaniko wa pamalopo, anali akusamba m'manja ndi sopo ndi mchenga. Iye amakonzera magalimoto pabwalo la nyumba yake, pansi pa mtengo wa nimu. Mkazi wake Katerina anali akuanula zovala, mwana wawo Towera ali kumsana. Kenaka pikapu ija inalowa ndi fumbi lake.

"Iwe Ezekiele! Wandibera!"

A Laisoni anatsika injini ikulira.

"Sabata yatha unatsegula giyabokosi yanga. Wachotsamo zitsulo zabwino, waikamo zowola. Lero undiuza bwino."

"A Laisoni, ine ndinangosintha oyilo ndi sefa. Inu munali pomwepa, mukuonerera."

"Usandiyankhe!"

Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi. Abale inu, pamalo a malonda ngati pano mawu akuti wakuba si masewera. Munthu umagona uli makaniko, n'kudzuka wopanda kasitomala. Ena amadzuka opanda ndi nyumba yomwe. Ezekiele zinamuwawa, komanso anachita mantha.

Anatsegula boneti. Injini anaisiya ikulira, pakuti oyilo wa giya amayezedwa galimoto ili yotentha. Anasolola kachitsulo koyezera, napukuta pa kansalu koyera. Oyilo anali wofiira bwinobwino. Ananunkhiza, sanamve fungo la chopserera. Anagwada kusuzumira pansi kufuna podontha, koma panali pouma. Analowa, naponda buleki, n'kuika pa R, giya yobwerera m'mbuyo, kenaka pa D, yopita kutsogolo. Giya inkalowa mwaulemu, popanda kugunda.

"Galimotoyi ilibe vuto."

"Masana ilibe. Kukada ndi pamene imayamba misala yake. Kwera, uyendetse wekha. Ukalephera kundiuza vuto lake, mawa Golomoti yense adziwa kuti ndiwe mbava."

Katerina anayang'ana mwamuna wake ndi maso oti musapite. Koma akanatani?

Analowa mumsewu wa tala, kulowera ku Mua. Msewu umenewu ndi wathyathyathya, ulibe chitunda choti galimoto n'kudandaula nacho. Giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse zinasintha bwino. Ezekiele anayamba kupuma. Mdima unagwira, iye nayatsa nyali.

Kenaka, popanda chifukwa, giya inatsika yokha. Injini inakuwa. Liwiro linachepa. Ezekiele anaponda moto, giya inatsikanso.

"Ndi zimenezotu," anatero a Laisoni. "Tiuzeni, akatswiri."

Ezekiele anatchera khutu. Giyabokosi ya otomatiki ili ndi khalidwe limodzi, siinama. Ikakhala yakutha imaterereka. Injini imakuwa koma matayala samva, ndipo oyilo amanunkha. Iyi sinali kuterereka ayi. Inali kukoka ndi mphamvu zake zonse, monga imachitira ikasenza matumba a mpunga mpaka pamwamba.

Ndiye nyali zinausiya msewu. Zinayamba kuunika nthambi za milambe. Galimoto inali itakhalira kumbuyo.

"Kumbuyoku mwanyamula chiyani?"

"Maso ulibe? Mulibe kanthu."

Koma a Laisoni sanacheuke. Anali atagwiritsa chitseko, maso ali kutsogolo kokhakokha.

Ezekiele anaimika pambali pa msewu, natsika ndi tochi ya foni. Kumbuyo kunalibedi kanthu, ngakhale njere ya mpunga. Koma masipuling'i anali atawongoka ndi kulemera, matayala ataphwatalala. Anagwira chitsulo cha m'mbali. Chitsulo chimene chakhala padzuwa la kuchigwa kuno tsiku lonse chimakhala chofunda mpaka usiku. Ichi chinali chozizira ngati chatuluka m'firiji. Pangodya panali kanthambi kouma, komangidwa ndi luzi, masamba atafota. Ezekiele anakazindikira. Ndi kaja timamanga pagalimoto ikanyamula maliro.

Anabwerera pampando.

"Munanyamula maliro."

"Ndiye? Wa galimoto ndani sananyamulepo?"

"Munakafika nawo pakhomo?"

A Laisoni anatsonya. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, mokalipa, ngati olakwa ndi ena. Kunali m'dzinja. Anatenga thupi la bambo wina kuchipatala. Pofika pamphambano yolowera kumudzi kwa malemuyo, njira inali matope okhaokha. Iwo anakana kulowa. Anamfedwa anachonderera, amayi akulira. Iwo anangoti tsitsani bokosi lanu, galimoto yanga si thalakitala. Anawasiya pamvula pomwepo, n'kuliza galimoto.

Ezekiele anagwira mutu. Ha! Ngakhale mwana amadziwa kuti womwalira umayenda naye ukumuuza. Tikunyamuka. Tikuwoloka mtsinje. Ndipo ukafika pakhomo pake umamuuza kuti tafika, tsikani. Bokosi linatsika, inde. Koma mwini wake palibe amene anamuuza.

"Tiyeni kumudzi kwawoko. Mukapepese, abale awo akawatsitse."

"Ndikafe ndi miyala? Tembenuza galimoto. Za mizimu zakozo ukawauze anthu aja, tione ngati akakumvere."

Ezekiele anaika pa R. Galimoto inangonjenjemera, osasuntha. Anachita kuzungulira m'munda mwa eni kuti atembenuke. Ulendo wobwerera unali wa giya yoyamba yokhayokha, mpaka munthu wa njinga anawapitirira akuwayang'ana. Pabampu iliyonse, pagalasi la kumbuyo kwa mitu yawo, pankamveka kugogoda. Go. Go. Osati kwa chala. Kunali kolemera, monga umagundira mutu wa munthu amene wakhala motsamira. Ezekiele anayang'ana m'kagalasi kamodzi kokha. Anaona mapewa. Sanayang'anenso.

Pofika pabwalo pake, anthu aja anali asanabalalike. Ena anali atawonjezekera, pakuti mkangano suchedwa kuitana anthu. Ezekiele anaika pa P, giya yoimikira, napotokola kiyi. Injini inakana kuzima.

A Laisoni anatsika akukuwa.

"Mwaona? Ikuchita kukwawa! Pano ikukananso kuzima. Ndamufunsa vuto lake, akuti mizimu. Mizimu! Wakuba uyu!"

Wina anaseka. Wina anati, "Amakaniko a masiku ano ndi choncho." Kumbuyo kwa gulu, munthu wina anawerama ngati akutola kanthu pansi. Ezekiele anamuona. Anaonanso Katerina ataima pakhomo, mwana ali kumsana. Mutu unamutentha. Iye, amene sanabepo ngakhale nati imodzi chiyambire ntchito!

"Mukufuna muone vuto lake? Onani!"

Anazungulira galimoto, natsitsa chitseko cha kumbuyo, navula chipewa. Mawu anatuluka okha, monga ankawamvera kwa amalume ake pamaliro.

"Bambo, pepani. Ulendo watha. Tafika. Tsikani."

"Abambo a Towera, ayi!" anakuwa Katerina.

Koma mawu anali atatuluka kale.

Masipuling'i analira. Galimoto inadzuka kumbuyo pang'onopang'ono, aliyense akuona ndi maso ake. Kuwala kwa nyali kunabwerera pansi. Injini inazima yokha.

A Laisoni sanadabwe. Chimenechi ndicho chimamupweteka Ezekiele mpaka lero. Sanadabwe m'pang'ono pomwe. Anangopuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, n'kulowa m'galimoto. Sanathokoze. Za zitsulo zakuba zija sanazitchulenso. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Anthu anaimva ikupita pa tala, giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yopepuka ngati yatsopano.

Gulu linabalalika mwakachetechete, aliyense akulambalala pamene panaima pikapu paja. Uja anawerama uja anataya mwala wake pansi mobisa. Dzina la Ezekiele linayera usiku womwewo. Palibe amene anamutchulanso wakuba.

Koma Katerina anali akulira.

"Mwawauza kuti afika. Afika kuti, abambo a Towera? Pano ndi pakhomo pa yani?"

Ezekiele anacheuka, nayang'ana pabwalo pake.

Pambuyo pake zinamveka, monong'ona, kuti a Laisoni anazungulira nayo pikapu ija kwa amakaniko ambiri, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Salima. Kulikonse ankafika madzulo, ankakalipa chimodzimodzi, kufuna munthu woti apse mtima n'kulankhula mawu aja pabwalo pake. Ena onse ankangosintha oyilo n'kuwauza kuti vuto sakuliona. Ezekiele yekha ndiye anaidziwa bwino ntchito yake.

Ezekiele wawafunsa a Laisoni kangapo dzina la mudzi uja. Iwo amangoseka, amati anaiwala. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma uyu dzuwa latuluka kambirimbiri, sakuuma. Katerina anatenga mwana n'kupita kwa amayi ake ku Mtakataka, akuti adzabwera mlendoyo akadzachoka.

Pansi pa nimu paja pali mpando wakale wa galimoto, pamene makasitomala ankakhala podikira. Masiku ano amadikira chiimire. Kukada, mpandowo unkalira, n'kutsika pakati, wopanda munthu. Ezekiele ankaumva ali m'nyumba, atatseka chitseko.

Sabata yatha mpando uja unasiya kulira. Iye anakondwa, anati mwina apita. Anaimbira Katerina foni kuti akonzeke kubwerera. Usiku wake womwewo, atangozimitsa nyali, anamva pachitseko cha nyumba. Osati pamwamba pogogoda alendo. M'munsi pang'ono, pamene pamafika mutu wa munthu atakhala pansi motsamira.

Go. Go.