Moni wa Lameck pa Wailesi

Flora anakumana ndi Lameck pa siteji ya basi pa Chintheche mu 1986, basi itachedwa maola atatu. Mnyamatayo anali ndi manja okhakhala ngati a msodzi.

"Si ukonde ayi," anatero ataona kuti Flora akuyang'ana. "Ndi thabwa la azungu lija la thanga, ku hotela. Ndimaima pamwamba pake, mwera n'kumandithamangitsa panyanja."

"Ndiye ntchito imeneyo?"

"Ntchito yanga ndi kukuyang'anani inu, duwa langa. Zinazo ndi masewera."

Flora anaseka, ndipo kusekako kunamusiyitsa sukulu ali Fomu 3. Chaka chisanathe anali ndi mwana kumbuyo, m'nyumba ya bambo ake omubereka, a Zebron, omwe ankacheka mitengo ya labala pa esiteti.

Lameck ndiye anakwera. Anapambana mpikisano ku Salima, kenako ku Mangochi, kugonjetsa ngakhale azungu amene anamuphunzitsa. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Kwa Flora kunkangofika makalata.

"Wapamtima wanga, pirira. Ndikatenga chikho chachikulu, dziko lonse lidzamva dzina lako pakamwa panga."

A Zebron makalata analibe nawo ntchito.

"Iwe, mwanayu wayamba kukwawa. Ankhoswe a katswiri wakoyo ali kuti? Mwezi uno ukatha ali zii, ukupita kwa azakhali ako ku Mulanje."

"Abwera, Bambo."

Koma akubweradi? Flora ankati akamva galimoto pamsewu, mtima phaa, mwana n'kumugwira molimba mpaka kumuliza. Ku Mulanje Lameck akamupeza bwanji?

Kenako inafika mbiri yoti Lameck watenga chikho chija, ndipo Loweruka masana alankhula pa wailesi. Aliyense ankadziwa mwambo wake: mlendo akamaliza kucheza amapereka moni kwa abale ake, mmodzimmodzi. Wotchulidwa pamenepo, dziko lonse limadziwa kuti ndi wa m'banjamo.

Flora anayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa kuti asafooke. Anayenda khomo ndi khomo kuitana aneba. Mwana anamuveka malaya a kutchalitchi, ngati kuti wailesi imaona.

Anthu anadzaza pakhonde. Lameck anafotokoza za mafunde, za thanga limene linang'ambika ali pakati pa nyanja, za azungu ofuna kumutengera kunja. Flora sankamva zonsezo. Ankangodikira.

"Tsopano katswiri, moni upite kwa ndani?" anafunsa muulutsi.

"Yewo. Upite kwa amama ku Kande, achimwene anga a Francis, abwana anga ku hotela. Komanso kwa mkazi wanga Prisca ku Salima, amene tamanga naye ukwati mwezi wathawu. Prisca duwa langa, chikhochi ndi chako."

A Zebron anatambasula dzanja kuti azimitse wailesi.

"Musazimitse, Bambo. Sanamalize. Mwana amutchula."

Nyimbo inayamba kulira.

"Amabweranso nyimbo ikatha," anatero Flora. "Amatero, si choncho Mayi Loveness?"

Mayi Loveness, aneba awo, ananyamula kampando kawo n'kumapita. Ena anatsatira, aliyense maso pansi. Flora anakhalabe khutu lili pa wailesi mpaka nyimbo inatha, muulutsi n'kuyamba za mpira.

A Zebron anamulanda mwana uja pang'onopang'ono, poti Flora anali atamufinya kwambiri.

"Kachape matewera aume lero, mwana wanga," anatero. "Lolemba ndikuperekeza ku Mulanje."